Chiwongolero Chimene Ababa Anasankha

Addis Ababa,
Mwezi wa Meskerem (Seputembala)

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Gore. Bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha ku tchalitchi, kapena mukupemphererabe pakhonde? Mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena mwawabisanso kuseri kwa chitini cha khofi? Achimwene a Endale anandiuza pa foni kuti chifuwa chija chinatha, koma iwo aja chilichonse amati chatha, ndiye ndikufuna ndimve kwa inu nomwe. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga, ndipo chaka chatsopano tinalowa mwamtendere.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti ndikangoimba, Ababa amasendeza mpando pafupi, ndipo ndisanamalize moni amakhala atailanda kale foniyo. Nkhani imene ndili nayo ndi ya iwowo, ndipo ndikufuna muimve yonse muli phee, magalasi ali pamphuno, musanayankhe. Ababa alongedza kale chikwama. Akuti Meskel, chikondwerero cha Mtanda chija, akadyera kwawo monga anakulonjezerani. Ine ndili ndi pempho pa nkhani imeneyi, koma mundilole ndifotokoze kaye. Mukudziwa kuti mwana wanu mphunzitsiyu njira yachidule saidziwa.

Za m'tauni muno ndi zomwe zija. Mvula yayamba kutopa, ikungogwa pang'ono masana n'kusiya. Atsikana akugulitsa maluwa achikasu m'mphambano zonse, koma ndi ofota, sangafanane ndi amene amadzaza dambo la kuseri kwa nyumba yathu. Msewu wa kuno aukumbanso, akuti akuukulitsa, moti popita kusukulu ndimanyamula nsapato za mitundu iwiri, zamatope ndi zophunzitsira. Magetsi akumazimazima ngati kale. Bambo a kunyumba kuno, a Getahun, ali bwino, kupatula kuti mimba ikukula. Iwo akuti ndi malaya amene akuchepa.

Tsopano za Ababa. Kuyambira pamene munawasiya kuno atatuluka m'chipatala ndi sitiroko ija, zambiri zasintha. Mwendo ukuyenda, ndodo amangoinyamula yoopsezera agalu. Mawu abwerera onse, ndi achipongwe omwe. Chatsala ndi dzanja lamanzere. Zala zimapindika koma mphamvu mulibe, ndipo mkono sukwera kupitirira pachifuwa. Mayi amene amawachititsa mafizo, a Sisitala Lemlem, anandifotokozera kuti miyezi inoyi ndiyo yofunika. Akuti ubongo umakhala ukufunafuna njira zatsopano zofikira ku dzanjalo, ndipo umazipeza pokhapokha dzanjalo likamagwira ntchito tsiku ndi tsiku, wina wodziwa akuyang'anira. Akasiya panopa, lidzauma mmene lililimu. Kwathuko inu mukudziwa kuti munthu wa mafizo sitinamuonepo.

Vuto ndi lakuti Ababa mafizowo sankawafuna. A Lemlem anawapatsa kampira kofinya. Iwo anakayang'ana n'kufunsa ngati m'nyumba muno muli mphaka, poti zidole zotere ndi za amphaka. Anawapatsa zopanira zovala kuti azitsegula ndi kutseka, iwo akuti sanapume pa ntchito kuti adzakhale wochapa. Tsiku lonse ankangokhala pazenera. Ndege ikamadutsa kupita ku bwalo la ndege la Bole sankayang'ana n'komwe, ankangotchera khutu n'kutchula mtundu wake, nthawi zina n'kuwonjezera kuti mnyamata ameneyo wabwera ndi liwiro lambiri, aona.

Ndikawaona choncho ndinkakumbuka kwathu, Amayi. Ndinkakumbuka mmene ndege yawo ya Dakota ija inkamvekera isanaoneke, kulira kwake kukukwera m'chigwa, inu n'kusiya chilichonse, kupukuta manja pa diresi, n'kunena kuti amenewo ndi abambo anu, enawo injini saziliza choncho. Ife tinkaseka, poti kwa ife ndege zonse zinkalira chimodzimodzi, koma simunalakwepo. Ankadutsa kaye chapansipansi pamwamba pa bwalo kuti abusa achotse ng'ombe, ndipo ine ndi Achimwene tinkathamanga opanda nsapato m'udzu wonyowa kukawaona akutsika, chipewa chili m'khwapa, kumbuyo kwawo anthu akutsitsa matumba a mchere n'kukweza a khofi.

Tsiku lina ndege ikudikira kuti nkhungu ichoke, Ababa anandinyamula n'kundikhazika pampando wawo. M'ndegemo munkanunkha mafuta ndi chikopa chakale. Chimene sindinaiwale ndi chiwongolero. Utoto wakuda unali utatha pa nyanga yakumanzere yokha, chitsulo chikuwala ngati supuni. Nditafunsa chifukwa chake, anangondionetsa chikhatho chawo.

Ndinkakumbukanso zikondwerero zimene ankakhala kulibe. Pa Meskel munthu aliyense amafuna kukafika kwawo, ndiye wonyamula anthuwo sakhala kwawo. Moto wa pabwalo munkayatsa nokha, muuni uli m'manja, ife tikukugwirani chovala. Tsiku limene anapuma pa ntchito ndinali pomwepo pamene anakuuzani kuti simudzayatsanso nokha. Mpaka lero sanaphonyepo.

Nzeru inabwera ndi a Getahun. Mnzawo wa kuntchito ali ndi chimene amati ndege ya m'nyumba. Musaope, siuluka. Ndi kompyuta chabe, koma pa sikirini pamaoneka zonse zimene woyendetsa ndege amaona ali pampando wake: mawotchi a kutsogolo aja, mitambo, mapiri, mitsinje, dziko monga lilili ndi mabwalo ake. Patebulo umamangirira chiwongolero, pambali pake timipini ta moto wa injini. Ukakokera chiwongolero kwa iwe, mphuno ya ndege imadzuka. Ukakankha, imaweramira pansi. Ukapotoza, phiko limodzi limatsika ndipo ndege imakhota. Ena amangosewera nazo, ena amaphunzirirapo asanapite kusukulu ya ndege.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Kaputeni amakhala mpando wakumanzere. Timipini ta injini timakhala pakati, ndiye dzanja lake lamanja limakhala pamenepo, ndipo chiwongolero amachigwira ndi lamanzere. Ndiye kuti dzanja limene lafookali ndi lomwe linkatsitsa ndege pa kabwalo kathu zaka zonse zija. Ndinawafunsa a Lemlem. Anati kukoka, kukankha ndi kupotoza ndi zomwe akhala akuwachonderera Ababa kuti achite, ndipo ngati angazichite atagwira chinthu chimene sakuchinyoza, iwo adzaimba nthungululu pakati pa chipatala. Kompyuta tinali nayo kale. Chinatsala ndi kusankha chiwongolero.

Ndinkayesa kuti ndi ngati kugula ketulo, koma ayi. Ndinawerenga zimene anthu amalemba pa intaneti mpaka mutu kuwawa. Amakangana ngati anthu a mpira, aliyense chake ndicho chabwino, ndipo palibe amene analembapo za munthu wa dzanja lofooka. Ndinaona kuti chinthu chogwira ndi manja sungachisankhe ndi maso.

Ku Bole kuli bambo wina, dzina lake Ato Kinfe, amene amaitanitsa zinthu zimenezi kunja. Sitolo yake ndi kachipinda ka pamwamba pa ogulitsa mafoni, ndipo amalola munthu kuyesa asanagule. Ndi munthu wolankhula ngati wailesi. Ndege yeniyeni sanayendetsepo, koma akuti pa kompyuta watera m'mabwalo onse a dziko lapansi, ena kangapo. Ababa ndinawanyengerera kuti tikukagula batire ya foni.

Ato Kinfe atamva kuti mlendo wake ndi kaputeni wa Dakota, anadzambatuka, anapukuta mpando ndi mkono wa malaya, n'kuyala katundu wake yense. Anayamba ndi ndodo yoimirira, yogwira ndi dzanja limodzi, imene akuti ndege zambiri zatsopano zili nayo. Ababa anati chimenecho akampatse mayi wophika ndiwo za shiro azitakasira. Kenaka anatulutsa ziwongolero zenizeni zitatu, za nyanga ziwiri, ngati chimene chili pa chithunzi cha pabalaza chija. Ndizifotokoze, chifukwa nkhani yagona pamenepa.

Choyamba n'chapulasitiki, chopepuka. Masipuling'i ake ndi ofewa, mwana akhoza kuchikoka ndi chala. Chimapotoka pang'ono chabe, ndipo chikafika pakati chimakodwa, ngati chitseko chimene chatupa ndi mvula. Chachiwiri sichilowa ndi kutuluka ngati dirowa, koma chimalendewera n'kumapita kutsogolo ndi kumbuyo ngati belu la tchalitchi. N'chokongola, koma n'chachikulu, chimadya theka la tebulo. Chachitatu chili ndi mpini wachitsulo, chimapotoka kwambiri mbali zonse, sichikodwa pakati, ndipo ukamachikoka chimanka chilimbalimba, ngati ukukweza chidebe chodzaza pachitsime.

Ato Kinfe anamangirira chofewa chija, anaika kandege kakang'ono m'mwamba, ine n'kukhala pampando kuti ndiwaonetse Ababa mmene zimayendera. Ndinauluka pang'ono mokhotakhota, kenaka ndinasendera n'kuwauza kuti tayesani. Anakhala pambali panga, koma manja anali pamaondo. Ndinaganiza kuti akuchita manyazi ndi dzanja lija, ndiye ndinalinyamula ndekha, ndinaliika pa nyanga yakumanzere, langa lili pamwamba pake, lina ndikugwira nyanga inayo kuti ndiwathandize. Analichotsa mwakachetechete n'kulibwezera pabondo. Ndinayesanso, anachotsanso. Tili mkati molimbana choncho, kandege kaja kanakagunda phiri.

Ato Kinfe, pofuna kukonza zinthu, anandinong'oneza, koma kunong'ona kwake kumamveka mpaka kumsewu. Anati achemwali musavutike, odwala ngati amenewa chofewachi ndiye chawo, akhoza kumangogwirako inu mukuyendetsa, bola mtima uzisangalala. Ababa anaimirira, anamuthokoza mwaulemu wonse, ndipo anatsika masitepe osalola kuti ndiwagwire. Tsiku limenelo ndi pamene anandituma kuti nditsitse chikwama pamwamba pa kabati, n'kuyamba kulongedza. Ndinalira, Amayi, sindikubisirani.

Chimene chinanditsegula maso ndi kapu ya khofi. M'mawa wina ndinawapatsira, ndipo monga ndinazolowerera chidwalireni iwo, kapuyo sindinaisiye. Ndinaigwirabe kunsi pamene iwo anaigwira kumwamba. Aliyense anayesa kuti mnzake wagwiritsa, khofi yense n'kutayikira pa thalauza. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, tandiuzani, kapu ija anagwira ndani?" Ndiye anati, "M'mwambamu anthu amafa choncho. Iwe ukuti ndagwira ine, ine ndikuti wagwira iwe."

Pomwepo ndinakumbuka mmene ankawaphunzitsira Achimwene kuyendetsa kagalimoto kobiriwira kaja pa bwalo la ndege Lamlungu masana. Mukukumbuka? Asanasinthane, Ababa ankanena mokweza kuti galimoto ndi yako, ndipo Achimwene ankayenera kuyankha kuti ndi yanga, apo ayi kiyi sankaperekedwa. Tsiku lina Achimwene anaiwala kuyankha, anabwerera kunyumba wapansi, inu n'kuwakalipira Ababa kuti mwanayo si msilikali.

Koma sizinali nkhanza. Ndi lamulo la ntchito yawo. M'ndege muli ziwongolero ziwiri zolumikizana, ndipo nthawi iliyonse pamayenera kudziwika kuti akuyendetsa ndi ndani. Wopereka amanena ndi pakamwa, wolandira amagwira n'kuyankha ndi pakamwa, kenaka woperekayo amachotsa manja ake onse. Mawu amenewo asananenedwe, woyendetsa woleredwa bwino salowerera pa ndege imene ili m'manja mwa mnzake. Ku sitolo kuja ine ndinangoti tayesani, manja anga ali pomwepo. Kwa Ababa ndegeyo inali ikadali yanga. Sanakane chifukwa cha manyazi. Ankadikira kuti ndiwapatse.

Kuwabwezera kwa Ato Kinfe inali ntchito. Anati kwa wailesi uja sapondakonso. Ndinawauza kuti munthu sabwerera kwa mkazi wake chimanjamanja, tiyeni tikasankhe nsalu yoyera ya Amayi yovala pa Meskel, ndipo sitolo ya nsaluyo inapezeka kuti ili pansi pa masitepe omwe aja. Anandiyang'ana n'kunena kuti kunama sindimatha, ndinatengera inu. Koma anakwera.

Ndinali nditamuimbira kale Ato Kinfe kuti ulendo uno atseke pakamwa, ndipo atiikire ndege ya mainjini awiri pamwamba pa mapiri a kwathu. Amayi, ndikanakonda mukanaona. Nkhalango ija, mtsinje, msewu wa ku Metu ukukhotakhota, tauni yathu ili pamsana pa phiri. Nyumba sizioneka bwino, koma malo ake munthu umawadziwa. Ababa anasendeza mpando okha. Ndinauluka pang'ono, kenaka ndinanena mokweza ngati ndili m'kalasi, "Akaputeni, ndege ndi yanu."

Kenaka dzanja lija linanyamuka pabondo lokha. Linakwawa m'mphepete mwa tebulo pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaluma mlomo kuti ndisalithandize. Litafika pa nyanga, zala zinatseka chimodzichimodzi. Ndiye ndinamva mawu amene ndinawamva komaliza ndili kamtsikana, mawu a pantchito aja, osakweza komanso osanjenjemera: "Ndi yanga. Chotsa manja." Ndinawachotsa n'kuwakhalira.

Anayamba ndi chofewa chija. Anakhotera kumanzere, anakhotera kumanja, ndege ikuwamvera, Ato Kinfe akuvina kumbuyo kwathu mopanda mawu. Koma Ababa anakwinya nkhope. Anati chinthu ichi n'chabodza, chikungovomera chilichonse ngati mkamwini watsopano. Anatifotokozera kuti pa Dakota chiwongolero chinkalumikizana ndi mapiko kudzera m'zingwe zawaya, ndiye mphepo yonse ya kunja inkafika m'manja. Ndege ikathamanga chinkalimba, liwiro likachepa kwambiri chinkafewa, ndipo munthu ankamva ngozi ndi mkono maso asanafike pa wotchi. Kukodwa kwa pakati kuja ndiye kunawanyansa kwambiri. Akuti potera ndi pamene umafuna kusuntha mofatsa ngati ukusenda dzira, osati kulimbana ndi chitseko. Cholendewera chija anachiyamikira kuti chikuyenda ngati cha ndege zikuluzikulu za masiku ano, koma anati iwo sanali woyendetsa basi.

Ato Kinfe atamangirira chachitsulo, zinthu zinasintha. Kupotoza anakwanitsa, ngakhale thukuta linayamba kutsikira m'khosi. Anachepetsa moto ndi dzanja lamanja, analunjika kabwalo kathu, udzu ukuyandikira. Potera, Amayi, pamafunika kukokera chiwongolero kumimba pang'onopang'ono kuti mphuno idzuke, matayala akhudze pansi mofatsa. Anakoka, chinabwera theka, n'kuima. Ndinaona mtsempha wa pakhosi ukudzuka. Dzanja lamanja linali pomwepo, lamphamvu, koma sanalichotse pa timipini ta injini. Atazindikira kuti sizitheka, anawonjezera moto n'kunena msanga, "Ndi yako!" Ine ndinayankha kuti ndi yanga, ndinagwira, ndipo ndinakaigwetsera m'munda wa munthu wina.

Ababa anaseka, Amayi. Anaseka mpaka kutsokomola, koyamba chidwalireni. Anati ndipite ndikapepese kwa mwini mundayo, ndipo ndisatchule kuti ndine mwana wa ndani.

Apa Ato Kinfe analephera kupirira. Anati Akaputeni, ndi ulemu wonse, mwaona nokha, chofewa chija chinakumverani, ichi chakukanani, tengani chimene mungathe. Mumtima ndinagwirizana naye, chifukwa ndinkaopa kuti chikawakana kawiri katatu adzachitaya ngati kampira kaja. Ababa anapukuta thukuta n'kumufunsa kuti, "Mwana wanga, chimene ndachitha kale lero ndichitengerenji kunyumba? Mawa ndikachita nacho chiyani?" Anagogoda chachitsulocho ndi chala. "Ichinso mphepo sichiimva, koma chili ndi mwano. Kulunga chimenechi."

Ndinawaimbira a Lemlem tili pomwepo. Anafunsa ngati phewa likupweteka, ndipo atamva kuti ayi, anati titenge, koma azichita mopumira, osati kukakamira mpaka mkono kunjenjemera, ndipo iwo aziona phewalo nthawi iliyonse akabwera ku mafizo. Ababa analanda foni n'kuwauza kuti malamulo a adokotala a ndege anawamvera moyo wawo wonse, a iwowa sangawavute. A Lemlem anati tiona. Potuluka, Ato Kinfe anapempha kujambulitsa nawo chithunzi, ndipo Ababa analola, koma anamuuza kuti atseke pakamwa chithunzi chingatuluke ndi phokoso.

Lero chiwongolerocho chamangiriridwa pa tebulo lodyera, chifukwa ndi lokhalo limene siligwedera munthu akakoka. Ife tikudyera pa katebulo ka khofi, mbale ya mkate wathu wa injera ili pamaondo, ndipo a Getahun akudandaula kuti anakwatira m'banja la anthu abwino koma tsopano akugona pabwalo la ndege. Ababa amawayankha kuti okwera saloledwa kulankhula ndi woyendetsa. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu timapatsana ndege mwa mwambo wake, ndipo masana amapitiriza okha magetsi akakhalapo. Akazima amatukwana ngati kale, zomwe a Lemlem akuti nazonso ndi chizindikiro chabwino.

Inenso ndaphunzira kuchotsa manja pa zinthu zina. Kapu ndimaika patebulo n'kuchokapo. Chitseko sindiwatsegulira. Zimandiwawa kuona akulimbana ndi zimene ine ndikanachita m'kanthawi kochepa, koma ndimapita kukhitchini n'kumatsuka mbale zotsuka kale. Chiwongolero tsopano chikubwera kupitirira theka. Masiku apitawa anamanga okha batani la malaya. Ku mafizo akupita osakakamizidwa, ati akufuna a Lemlem awalimbitsire malo amene akuwalepheretsa kukoka. Koma pa kabwalo ka kwathu sanaterebe bwino. Mabwalo aatali a phula sawafuna, akuti amenewo ngakhale Ato Kinfe amaterapo.

Chikwama ndiye chikadali cholongedza, chili pakhomo la chipinda chawo. Ndinawafunsa ngati sangadikire mpaka Khirisimasi, monga akufunira a Lemlem. Anandiyankha kuti amayi ako anayatsa moto okha zaka zambiri chifukwa cha ndege zenizeni, sangayatsenso okha chifukwa cha ndege ya patebulo. Ndinati nanga dzanja? Anati dzanja ndi lawo, akhoza kulitaya akafuna, koma lonjezo ndi la inu. Ndinawauza kuti akhoza kupita n'kubweranso chikondwerero chikatha, koma tonse tikuwadziwa. Akakangokhala pampando wawo wa pakhonde uja, njuchi zawo zikulira kuseri, palibe amene adzawadzutsepo. Ndinaganizanso zoti anyamule zonse apite nazo, koma kompyutayi imafuna intaneti yamphamvu, ndipo ngakhale ikanakhalapo, a Lemlem sangalowe m'chikwama. Ndikanati mubwere inuyo, koma ulendo wa basi uja unakugonetsani pa mphasa masiku ambiri, ndipo ndege munalumbira kuti simudzakwera, ngakhale munakwatiwa ndi woyendetsa.

Pempho langa ndi limeneli, Amayi, ndipo ndi limodzi lokha. Amasuleni. Auzeni ndi pakamwa panu kuti chaka chino akhale kuno amalize mafizo. Ine sandimvera, a Lemlem pa nkhani imeneyi sawamvera, Achimwene ndiye sangayerekeze n'komwe. Lonjezo analipereka kwa inu, ndipo ndi inu nokha amene mungawabwezere.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Ndikudziwa kuti mwafulula kale, nkhuni mwaunjika, ndipo chipinda mwasesa kangapo. Ndinali mwana, koma ndinkaiona nkhope yanu pa moto uja, akazi anzanu ataima ndi amuna awo. Sindikunena kuti ndi chinthu chaching'ono. Mukaona kuti simungathe, sindidzakuimbani mlandu. Ndidzawaperekeza ndekha mpaka pakhomo.

Koma mukavomera, musanene kuti ndakulemberani, angakwiye. Ndipo musawafunse ngati akufuna kukhala, chifukwa adzati ayi. Dzulo ndikudutsa pakhomo la chipinda chawo ndinawaona atatsegula chikwama. Anatulutsa juzi yawo ya bulauni ija, anaigwira kanthawi akuyang'ana kumene kuli tebulo, kenaka anaipinda n'kuibwezeramo. Anaipinda ndi manja awiri, Amayi. Iwo sanazindikire, koma ine ndinaona.

Mundiperekere moni kwa Achimwene ndi alamu anga a Birtukan, ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuyenda. Moni kwa azakhali a Yeshareg, muwauze kuti uchi umene anatumiza unafika bwino ndipo a Getahun aufika kale pakati. Moni kwa amalume a Tilahun ndi banja lawo, kwa abambo athu a kutchalitchi, ndi kwa amayi onse amene mumamwa nawo khofi. A Getahun akupereka moni wa ulemu, akuti muwapempherere tebulo lawo libwerere. Moni wa Ababa sindingaulembe, poti sakudziwa kuti ndikulemba, koma inu mukuudziwa.

Tikiti ya basi sindinagule. Ndidikira kaye foni yanu.

Mulungu akusungeni ndi kukulimbitsani bondolo mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Sosina